Ayeze mpweya wa m'khola, asiye kudalira zikalata

Pa 7 September 2022 khoti lalikulu loweruza milandu ya pakati pa boma ndi nzika ku Netherlands, lotchedwa Raad van State, linagamula mlandu wokhudza simenti ya pansi pa khola la ng'ombe. Alimi a ng'ombe zamkaka m'chigawo cha Utrecht anali atapatsidwa zilolezo chifukwa anasankha simenti yamakono imene boma linalemba m'buku lake kuti imachepetsa mpweya wa amoniya. Oweruza anafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi pali umboni woti m'makola enieni, mmene ng'ombe zimakodza ndi kupondaponda usana ndi usiku, amoniya akuchepadi monga mmene bukulo likunenera? Umboni wokhutiritsa sunapezeke, ndipo zilolezo zinagwa. Tsiku limenelo alimi ambiri m'dzikomo, amene anakongola ndalama kubanki kuti amvere lamulo, anazindikira kuti simenti yawo yodula ija siingawaimire pa khoti.

Ine ndikuti khotilo linagamula bwino, komanso ndikuti alimiwo analakwiridwa kwambiri. Wowalakwira ndi boma limene kwa zaka zambiri linkawerengera amoniya pa pepala, n'kumapereka zilolezo potengera malonjezo a ogulitsa zipangizo, m'malo mofunsa kuti kodi m'khola la uje mukutuluka chiyani.

Amoniya wa m'khola amabadwa mosavuta. Ng'ombe yamkaka ikadya udzu, chimanga ndi soya, nayitirojeni wa m'mapuloteni a chakudyacho amene amakathera mu mkaka ndi pafupifupi kota chabe. Wotsala yense amatuluka ndi ndowe ndi mkodzo, ndipo pa ng'ombe yokama kwambiri ya ku Netherlands amapitirira makilogalamu 100 pa chaka. Mu mkodzo amatuluka ali yureya, yemweyo amene timagula m'thumba la makilogalamu 50 n'kuthira m'chimanga. M'ndowe namo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timapanga chinthu chotchedwa urease, chimene ntchito yake ndi kuswa yureya. Mkodzo ukangokumana ndi ndowe pa simenti, pomatha maola ochepa yureya uja amakhala atasanduka amoniya ndipo wayamba kuuluka. Kukatentha amauluka msanga. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa chithaphwi cha mkodzo amaulukanso msanga. Munthu aliyense amene analowapo m'khola la ng'ombe masana a mu October, fungo n'kumulasa m'mphuno mpaka misozi kulengeza, anakumana kale ndi mpweya umene wakhala ukugwedeza ndale za ku The Hague, kumene kuli boma la Netherlands, kuyambira 2019.

Amoniyayo sakhalitsa m'mwamba. Wina amagwa pafupi ndi khola, wina amapita makilomita ambiri asanatsike ndi mvula kapena kumatirira pa masamba. Akagwera m'munda amakhala feteleza. Akagwera m'nkhalango ya pa mchenga kapena m'dambo limene zomera zake zinazolowera nthaka yosauka, amakhala chiphe chopha pang'onopang'ono. Udzu wokula msanga ndi minga zimaphimba maluwa ndi zitsamba zachilengedwe. Nthaka imachita asidi, ndipo kashiamu ndi michere ina imakokoloka. Ku Veluwe, dera lalikulu la nkhalango pakati pa dzikolo, mitengo ya oak ikufota, nkhono zachepa, ndipo ofufuza akhala akupeza ana a kambalame kotchedwa koolmees atathyoka miyendo ali m'chisa chifukwa mafupa awo alibe kashiamu wokwanira, mazira enanso ali ndi zikamba zopyapyala. Pa hekitala iliyonse ya dzikolo pamagwa nayitirojeni pafupifupi makilogalamu 20 pa chaka, pamene madambo ena osalimba sapirira ngakhale makilogalamu 10. Mumpweya namo amoniya amaphatikana ndi utsi wa magalimoto ndi wa mafakitale n'kupanga fumbi losalala kwambiri limene limalowa mpaka mkati mwa mapapo a anthu.

Sindikufuna kuti wowerenga aone alimi a ku Netherlands ngati anthu adyera chabe. Dzikolo linaona njala yoopsa m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo anthu pafupifupi 20,000 anafa. Sicco Mansholt, amene anakhala nduna ya zaulimi nkhondo itatha, anaika mtima wake wonse pa kuonetsetsa kuti njala yotero isadzabwerenso. Ife a kuno, amene timakumbukira njala ya 1949 ndi ya 2002, sitingaseke cholinga chimenecho. Boma, mabanki, makampani a mkaka ndi sukulu zaulimi anauza mlimi mawu amodzi kwa zaka zoposa 50: kulitsa khola, onjezera ng'ombe, gula chakudya chochokera kunja. Pa 1 April 2015 malire a kuchuluka kwa mkaka amene European Union inaika anachotsedwa, ndipo makola anakulanso. Lero dziko limene kukula kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a Malawi lili ndi ng'ombe zokamidwa pafupifupi 1.5 miliyoni, osawerengera nkhumba ndi nkhuku miyandamiyanda. Soya wambiri wodyetsa ziweto zimenezi amachokera kutsidya kwa nyanja, ku Brazil ndi ku United States. Nayitirojeni amalowa pa doko la Rotterdam m'sitima, mkaka ndi tchizi zimapita kunja, koma ndowe zimatsala.

Alimiwo anachitaponso zambiri. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 lamulo linawaletsa kumwaza ndowe zamadzimadzi pamwamba pa munda; anayamba kuzilowetsa m'nthaka ndi makina, ndi kuvundikira matanki osungiramo. Amoniya wa dziko lonse anatsika kuposa theka poyerekeza ndi 1990. Mlimi akamanena kuti iye anapereka kale gawo lake, sakunama. Koma kutsikako kunadzaima, ndipo zotsalazo zinali zikadali zochuluka kuposa zimene nkhalango ndi madambo zingasenze.

Apa ndi pamene boma linasankha njira yachidule. Mu 2015 linayambitsa ndondomeko yotchedwa PAS, imene inkalola kumanga makola, misewu ndi mafakitale lero potengera kuchepa kwa nayitirojeni kumene ankayembekezera mawa. Kunali kudya za m'munda umene sunalimidwe. Mabungwe oteteza chilengedwe, makamaka Mobilisation for the Environment ya Johan Vollenbroek, anakasuma. Khoti la European Union linayankha mu November 2018, ndipo pa 29 May 2019 Raad van State inagwetsa PAS yonse. Ntchito zomanga pafupifupi 18,000 zinaima. Alimi oposa 2,000 amene pansi pa PAS anangouzidwa kuti adziwitse boma basi, popanda kufunsira chilolezo, anadzuka m'mawa ali ophwanya lamulo pa mlandu umene sanapalamule. Pa 1 October 2019 mathirakitala analowera ku The Hague ndipo mizere ya magalimoto m'misewu ya dzikolo inapitirira makilomita 1,000. Mu March 2020 boma linatsitsa liwiro la magalimoto masana kufika pa makilomita 100 pa ola kuti lipeze kampata komangira nyumba.

Tsono nkhani ya kuyeza, imene ndi mtima wa mkangano wonsewu. Khola la nkhumba kapena la nkhuku za mazira ku Ulaya limakhala lotsekedwa, mpweya umatulukira pa mafani, ndiye ukaika chipangizo pamenepo umadziwa zotuluka. Khola la ng'ombe zamkaka limakhala lotseguka m'mbali, mphepo imalowa uku n'kutulukira uko mmene yafunira. Kudziwa kuchuluka kwa amoniya mu mpweya wa m'kholamo sikokwanira. Uyeneranso kudziwa kuti ndi mpweya wochuluka bwanji umene wadutsa pa ola. Akatswiri a ku yunivesite ya Wageningen ndi anzawo amazungulira vutoli pogwiritsa ntchito mpweya umene ng'ombe zimapuma. Amawerengera carbon dioxide amene ng'ombe za msinkhu wakuti, zokama malita akuti, zimatulutsa; amayeza mpweya umenewu mkati ndi kunja kwa khola; kusiyana kwake kumawauza liwiro limene mphepo ikusinthira mpweya wa m'kholamo, ndipo akatero amapeza amoniya wotuluka. Ndi nzeru yabwino, koma ili ndi mpata wolakwitsa, ndipo nambala imasintha ndi nyengo, ndi chakudya, ndi ukhondo wa mwini khola.

Nanga nambala ya m'buku la boma inkapezeka bwanji? Khola wamba, la simenti ya mipata imene ndowe zimagwera m'dzenje la pansi, linapatsidwa makilogalamu 13 a amoniya pa ng'ombe iliyonse pa chaka. Kampani ikapanga simenti yatsopano, yokhala ndi ngalande zothamangitsa mkodzo kapena timaraba totseka mipata, inkayezedwa m'mafamu anayi, kasanu ndi kamodzi pa famu iliyonse m'chaka, tsiku limodzi lathunthu ulendo uliwonse. Masiku 24 oyeza ankabala nambala imodzi, ina yotsika mpaka theka la 13 uja, ndipo nambalayo inkamatidwa pa khola lililonse m'dziko limene lagula simenti ya mtundu umenewo, kwa zaka zonse za moyo wake. Simenti zina zinkapatsidwa nambala yongoyembekezera zisanayezedwe n'komwe. Kawirikawiri palibe ankabweranso kudzaona ngati chopalira ndowe chikuyenda pafupipafupi, ngati timaraba tija sitinaume ndi ndowe, ngati mkodzo sukudikha m'makona.

Amene anaulula zimenezi ndi a ofesi ya ziwerengero ya dzikolo, CBS, mu 2019, ndipo njira yawo inali yosavuta koma yanzeru. M'ndowe muli nayitirojeni ndi fosifeti. Nayitirojeni amauluka, fosifeti sauluka. Ukadziwa mlingo wa ziwirizi pamene ng'ombe ikutulutsa, n'kuyezanso mlingo wake pamene ndowe zikukwezedwa m'thanki kuchoka pa famu, umadziwa nayitirojeni amene wasowa panjira. Atawerengera mafamu ambiri anapeza kuti makola a ng'ombe zamkaka otchedwa amakono ankataya nayitirojeni wofanana ndithu ndi makola wamba. Zaka zitatu zinadutsa pakati pa lipoti limenelo ndi chigamulo cha 2022, ndipo m'zaka zimenezo alimi anapitiriza kugula simenti imene boma linali litachenjezedwa kale za iyo. Ichi ndi chimene chimandiwawa kwambiri m'nkhani yonseyi.

Mbali ina ya pepala ndi masamu a pa kompyuta otchedwa AERIUS, amene bungwe la boma la RIVM limagwiritsa ntchito powerengera kumene nayitirojeni wa khola kapena msewu akagwere. Masamu amenewa ankawerengera mpaka pa 0.005 mol pa hekitala pa chaka, kumene ndi magalamu 0.07 a nayitirojeni, ndipo chilolezo cha munthu chinkatha kukanidwa pa kachidutswa kotero, kamene palibe chipangizo chingakayeze m'thengo. Mu June 2020 komiti ya akatswiri yotsogozedwa ndi Leen Hordijk inanena zinthu ziwiri. Inati pa dziko lonse kuyeza ndi kuwerengera kwa RIVM ndi kodalirika. Inatinso pa kadera kakang'ono, poweruza famu imodzi, masamuwo akuonetsa kutsimikiza kumene alibe. Andale a mbali iliyonse anatola theka limene linawakomera n'kutaya linalo.

Theka loyambalo ndi limene ena safuna kulimva. Pali anthu amene nthawi iliyonse nkhani ikafika pa kuchitapo kanthu amati tiyambe tayezanso. Koma RIVM yakhala ikuyeza amoniya m'malo otetezedwa kuyambira 2005, ndi timachubu topachikidwa pa mitengo m'malo mazana angapo, tosinthidwa mwezi ndi mwezi. Mu 2018 ofufuza a ku Brussels, pogwiritsa ntchito chipangizo cha IASI cha pa setilaiti, anasindikiza mapu a malo 248 padziko lapansi otulutsa amoniya wochuluka, ambiri mwa iwo ali mafamu a ziweto ndi mafakitale a feteleza. Mwa nayitirojeni yense wogwera pa nthaka ya Netherlands, pafupifupi theka limachokera ku ulimi wa m'dzikomo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu amachokera kumaiko oyandikana nawo, ndipo magalimoto a pamsewu amapereka kagawo kakang'ono. Kukayikira nambala ya famu imodzi ndi koyenera. Kukayikira kuti vuto lilipo, kapena kuti ziweto ndizo gwero lalikulu, ndi kungogula nthawi, ndipo nthawi imeneyo amalipira ndi mbalame za ku Veluwe pamodzi ndi alimi aja osowa chilolezo.

Chimene ndikuimira ndi ichi: mlimi apatsidwe malire a amoniya ndi nayitirojeni amene famu yake ingataye, ayezedwe pa zotuluka zenizeni, ndipo njira yofikira malirewo asankhe yekha. Mlimi wa mkaka wa ku Bvumbwe amaidziwa bwino mfundo imeneyi. Akafika ndi mkaka ku gulu losonkhanitsa mkaka m'mawa, samufunsa kuti chigubu chake anagula sitolo iti. Amaviika choyezera kuti aone ngati wathiramo madzi, amayesa ngati wasasa, ndipo mkakawo ndi umene umamuweruza.

Zipangizo zochitira zimenezi zilipo kale. Choyamba ndi kaundula wa pa geti: nayitirojeni wolowa ndi chakudya cha ziweto ndi feteleza, kuchotserapo wotuluka ndi mkaka ndi ng'ombe zogulitsidwa. Zotsalazo zapita mumpweya, m'madzi kapena m'nthaka. Netherlands inali nayo ndondomeko yotero, MINAS, kuyambira 1998. Mlimi wopitirira malire ankalipira chindapusa, ndipo alimi anaphunzira msanga kuchepetsa zotayika. Inatha kumapeto kwa 2005 khoti la European Union litagamula mu 2003 kuti siikugwirizana ndi lamulo la ku Ulaya lokhudza nayitireti m'madzi. Johan Remkes, amene boma linamupempha kuti aunike vutoli, analimbikitsanso kaundula wotero mu 2020. Chachiwiri chili mu mkaka mwenimwenimo. Thanki ya kampani ikabwera kudzatenga mkaka, amayeza yureya wa mu mkakawo, ndipo nambala imeneyo imaonetsa ngati ng'ombe zikudya mapuloteni opitirira muyeso. Yureya akachuluka mu mkaka ndiye kuti wachulukanso mu mkodzo. Chachitatu ndi tizipangizo tonunkhiza mpweya topachikidwa m'khola chaka chonse, timene tikuyesedwa m'mafamu. Sitinafike pa ungwiro, koma kuyeza khola lako tsiku lililonse ndi chipangizo cholakwitsa pang'ono n'kwachilungamo kuposa kupatsidwa nambala ya makola anayi a anthu ena.

Mlimi akamaweruzidwa pa zotuluka, njira zotsika mtengo zimayamba kuoneka, ndipo zambiri sizigulidwa kusitolo. Kuchepetsa mapuloteni opitirira m'chakudya kumadula amoniya asanabadwe, ndipo kumachepetsanso ndalama za soya. Kutulutsa ng'ombe kubusa kumathandiza chifukwa ng'ombe siikodza ndi kunyera pamalo amodzi nthawi imodzi: mkodzo umalowa m'nthaka usanakumane ndi ndowe. Makampani a mkaka monga FrieslandCampina amalipira kale ndalama yapadera pa mkaka wa ng'ombe zodya kubusa masiku osachepera 120 pa chaka, maola 6 pa tsiku. Kupala simenti pafupipafupi ndi kuwazapo madzi, kusungunula ndowe ndi madzi pothira m'munda, kuthira tsiku lozizira lopanda mphepo, zonsezi zimachotsapo kanthu. Ku Denmark alimi ena amathira asidi wa sulfure m'ndowe zamadzimadzi kuti nayitirojeni akhazikike m'madzimo asauluke. Palibe imodzi mwa njira zimenezi imene inkamupindulira mlimi pa chilolezo monga mmene simenti yodula inkachitira, chifukwa buku la boma linkawerenga zogula ndipo luso la mlimi silinkaliona.

Mu 2020 nduna Carola Schouten inayesa kulamula mlingo wa mapuloteni m'chakudya chogula cha ng'ombe. Alimi anakwiya, madokotala a ziweto anadandaula za thanzi la ng'ombe, chilimwe chinauma, ndipo mu August lamulolo linachotsedwa. Cholinga chinali cholondola. Cholakwika chinali kuyesa kudyetsa ng'ombe za dziko lonse uli mu ofesi.

Makina atsopano sindikuwakana. Kampani ya Lely inapanga njira yolekanitsa mkodzo ndi ndowe n'kuyamwa mpweya wa m'dzenje kuti amoniya akodwe mu asidi, asanduke feteleza. Kampani ya Hanskamp inapanga CowToilet, kachipinda kamene kamakhudza ng'ombe kumbuyo kuti ikodze m'chotengera. Mu 2021 ofufuza a ku Dummerstorf ku Germany ndi a ku Auckland anaphunzitsa ana a ng'ombe 11 mwa 16 kukakodza pamalo amodzi. Onsewa agwira mfundo yoona, yoti mkodzo usakumane ndi ndowe. Koma asalowe m'buku ndi nambala yamuyaya monga zinachitira simenti zija. Ayezedwe pa famu pamene akugwira ntchito, chaka ndi chaka, ndipo akalephera, wogulitsa asenze nawo mlandu.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale choyezera chabwino chotani sichingachotse. Pafupi ndi madambo ndi nkhalango zosalimba kwambiri, ziweto zachuluka kuposa zimene malowo angapirire, ndipo zina ziyenera kuchoka. Mu June 2022 nduna Christianne van der Wal inatulutsa mapu oonetsa madera ofunika kudula mpaka 70 peresenti, ena 95, popanda kuuza mlimi mmodzimmodzi kuti tsogolo lake ndi lotani. Mbendera zinapachikidwa chadodolido m'misewu, ena anakaopseza ndunayo kunyumba kwake, chinthu chimene sindingachivomereze, ndipo mu March 2023 chipani cha alimi cha BBB cha Caroline van der Plas chinapambana zisankho m'zigawo zonse 12 za dzikolo. Mkwiyo wa alimi unali ndi pogwira. Bwalo la ndege la Schiphol linagwira ntchito kwa zaka zambiri lopanda chilolezo cha zachilengedwe, ndipo kuti lichipeze mu 2023 linagula mafamu n'kutenga gawo lawo la nayitirojeni. Mlimi akaona zotero, n'chifukwa chiyani akhulupirire kuti lamulo ndi la onse? Komabe boma limene linalowa mu July 2024, Femke Wiersma wa BBB ali nduna ya zaulimi, linachotsa thumba la ma euro oposa 24 biliyoni limene linakonzedwa kuti lithandize alimi kusintha kapena kupuma mwaulemu. Linkalankhula zoweruza mlimi pa zotuluka, mawu amene ndikugwirizana nawo, koma mawu amenewo opanda malire omveka, tsiku lomaliza ndi ndalama sapulumutsa dambo kapena mlimi. Pa 22 January 2025 khoti la ku The Hague, pa mlandu umene bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace linasuma, linalamula boma kuti pofika 2030 theka la malo osalimba likhale pansi pa mlingo woopsa wa nayitirojeni, apo ayi lilipire ma euro 10 miliyoni.

Kuno kwathu nkhalango sizikufa ndi amoniya wa ng'ombe zamkaka, ndipo sindikufuna kuti wina abweretse malamulo a ku The Hague ku Thyolo. Mlimi wa ku Thyolo, Chiradzulu kapena Mulanje amakhala ndi ng'ombe imodzi, ziwiri kapena zitatu, zambiri zili ndi magazi a Friesian, mtundu umene dzina lake linachokera ku Friesland, ku Netherlands komweko. Zimakhala m'khola tsiku lonse, kudya nsenjere, mapesi ndi madeya. Koma mkodzo ndi ndowe zimakumana pa simenti ya ku Goliati mofanana ndi pa simenti ya ku Utrecht, ndipo kuno kumatentha kwambiri. Makilogalamu 13 aja a amoniya ali ndi nayitirojeni pafupifupi makilogalamu 11, pamene thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi 23. Ng'ombe zathu sizidya mapuloteni ochuluka ngati za kumeneko, choncho nambala yathu siingafanane ndi yawo, koma chimene chikuuluka m'khola ndi chomwecho chimene mlimi amakachiimira pa mzere nyengo ya dzinja ikayandikira, ndiponso chimene dziko limachigula kunja ndi ndalama zakunja zimene tilibe.

Mlimi yemweyo amadziwa kuti yureya wobereketsa sasiyidwa pamtunda. Amabaya dzenje pambali pa phando n'kukwirira. Nzeru imeneyo ilowe m'khola. Simenti ikhale yotsetsereka pang'ono, ndi kangalande kotengera mkodzo mu mgolo kapena m'dzenje lovundikira. Ndowe zichotsedwe m'mawa ndi madzulo, ziunjikidwe pa mthunzi ndi kufundidwa, osati kuyanikidwa padzuwa miyezi itatu mpaka zitatuwa. Mapesi kapena udzu wouma pogona ng'ombe zimamwa mkodzo wotsala. Phulusa kapena laimu zisathiridwe pa ndowe zaziwisi pofuna kupha fungo, chifukwa zimathamangitsa amoniya m'malo momugwira. Amene ali ndi thanki ya biogas adziwe kuti nayitirojeni sapsa ndi gasi wophikira. Amatsala m'madzi otuluka m'thankimo, ali wosavuta kuuluka kuposa kale, choncho madziwo avundikiridwe ndipo akathiridwa m'munda akwiriridwe tsiku lomwelo.

Mabungwe ndi mapulojekiti amene amagawa ng'ombe zamkaka m'midzi amafuna kuti mlimi amange khola ndi kudzala nsenjere asanalandire ng'ombe. Pa zofunika zimenezo awonjezerepo ngalande ya mkodzo, mgolo wokhala ndi chivundikiro ndi kamthunzi ka manyowa, ndipo mtengo wake ulowe mu bajeti ya pulojekiti. A ku Bunda ndi a ku Chitedze, amene ali ndi malabu oyezera nthaka, atenge manyowa a m'makola a alimi enieni a m'magulu a mkaka, ofundidwa ndi osafundidwa, a mu June ndi a mu November, ayeze nayitirojeni wake, ndipo zotsatira zake zikawerengedwe pa msonkhano wa gulu tsiku lolandira ndalama za mkaka.